Malume a ku Labu ndi Yankho la Chaka Chatha

Malume athu a ku labu ndi katakwe pa gulu la pa intaneti lothandizana za pulogalamu yaulere yosungira zotsatira za magazi. Wina akangolemba kuti "Yafa, thandizeni," iwo amamuyankha kuti, "Musanalire, fufuzani kaye. Ena anafunsa kale!"

Ndiye Lolemba pulogalamu ija inakana kutulutsa zotsatira, odwala atadzaza pabenchi. Malume thukuta kamukamu! Osafufuza n'komwe, analemba dandaulo lalitali, "chonde" katatu.

Mayi wina wa pagulupo anayankha kuti, "Akulu, vutoli wina analithetsa chaka chatha. Werengani apa."

Anatsatira malangizowo, zotsatira n'kutuluka pompo. Pofuna kuthokoza, anayang'ana dzina la wolemba. Eee, ndi iwo omwe!

Pano akangosowa magalasi, akazi awo amangoti, "Musanalire, bambo, fufuzani kaye."