Ndodo ya a Sandifolo ndi mphuno ya Kapitawo

Njovu za m'nkhalango ya Kasungu zikandiona zimagwada, zina mpaka kundikupiza ndi makutu kuti ndisamve kutentha. Chabwino, ndanama. Wogwada ndimakhala ine. Woyenera kumugwadira ndi Elube, mwana wa mlongo wanga.

Elube anakulira m'mphepete mwa nkhalangoyo, akuguguda zitini m'munda kuingitsa njovu. Ankadana nazo kuposa masamu. Anasintha tsiku lina akutola nkhuni mozemba, pamene anapeza njovu yaikazi itafa, nkhope ataisema ndi nkhwangwa, kamwana kake kakuikankhakankha kuti idzuke. Nkhunizo anazisiya pomwepo. Lero ndi msilikali wa nkhalango, ndipo amayenda ndi galu wonunkhiza minyanga, dzina lake Kapitawo.

Galu ameneyu, abale anga, amasamba sopo wonunkhira ndipo ali ndi dokotala wakewake, pamene ena a ife timangodalira tiyi wa mandimu. Mphuno yake imamva mnyanga uli ku Mchinji iye akuyasamula ku Kasungu. Akaupeza sauwa ayi, amangokhala pansi mwaulemu.

Tsono amalume ake a Elube, a Sandifolo (mwawadziwa kale, ndi omwe akukusimbiraniwa), ali ndi ndodo ya mutu woyera mbee. Dera lonse linkadziwa kuti mutuwo ndi mnyanga umene anauzula ndi manja pa njovu ina yamwano. Nkhani imeneyi inkamudya Elube. Anali atamanga kale ana a eni ake, ndipo pamjigo amayi ankamulasa: “Lamulo lakolo likafika pakhomo pa amalume ako limatsinzina, eti?”

Tsiku lina la msika, asilikali anaimitsa lole pamsewu wochokera kunkhalango. Elube anasuzumira. Pamwamba pa matumba a mtedza panali a Sandifolo, ndodo ili m'manja.

“Lero ndi lero!” anakuwa mayi wina wogulitsa tomato. “Iwe Elube, yambira pamenepo. Tione ngati galuyonso ali ndi amalume!”

Elube anawayang'ana amalume akewo. Akawalambalala, palibe amene adzamutsinenso khutu za opha njovu. Galu akakhala pansi, amanga munthu amene anamulera bambo ake atamwalira.

“Amalume, tsikani. Ndodoyo muiike pansi.”

“Iwe mwana! Ndinkakupukuta mamina ine!”

“Ndimathokoza. Pansi, amalume.”

Kapitawo anafika, a Sandifolo atamuweramira ngati akumupatsa moni. Galuyo ananunkhiza mutu wa ndodo, anayetsemula, n'kupitirira ngati wadutsa chitsa. Anadumphira mulole ndi kukakhala pansi pambali pa thumba lina la mtedza. Atalimasula, m'katimo munali zidutswa za minyanga. Mwini wake, bambo amene ulendo wonse anali duu, anayesa liwiro, koma anzake a Elube anamugwira asanafike ndi pangalande pomwe.

Elube anatola ndodo ija n'kukanda mutu wake ndi chikhadabo. Penti anasupuka. M'kati munali bulugama. Anaseka mpaka misozi.

“Achimwene,” anatero mayi wa tomato uja, “njovu yanuyo munachita kudzala m'dimba liti?”

Kuyambira pamenepo amayi apamjigo anayambiranso kumunong'oneza Elube za alendo okayikitsa, ndipo nkhwangwa zingapo zabwerera ku ntchito yowaza nkhuni.

Madzulo a tsikulo, a Sandifolo anali atasonkhanitsa kale anthu pakhonde. “Thumba lija analikayikira ndine,” anatero. “Simunaone nditamuweramira galu? Ndimamuuza kuti, ‘Mnyamata, siya ndodoyi, kwera mulolemo, kumanzere.’”

Elube anatulukira kuseri kwa nkhokwe, nsapato zantchito zili m'manja.

“Amalume, chingwe cha galuyo ndinagwira ndine, ndipo ndinamva zonse. Munati, ‘Khala pansi, bwanawe, usandiyalutse. Ndende ndipirira, kanyenya ndikugulira.’”