Mawaya awiri aposa madigiri atatu

Lachiwiri lapitali ndinaima padzuwa ku Silverest, kufupi ndi Lusaka, kuyambira m'mawa mpaka masana, kuonerera makina akuboola nthaka pa puloti ya mlongo wanga Estere. Tinkadikira madzi. Chimene chinatuluka ndi fumbi loyera, lambiri ndithu, moti tonse tinachoka pamenepo tili mbuu ngati tachokera kuchigayo.

Estere ndi mayi wamasiye. Anali ndi ng'ombe zinayi kumudzi ku Bundabunda, ndipo anagulitsa ziwiri kuti akumbitse mjigo, apume kugula madzi a m'madiramu.

Mwana wake woyamba, Tikambenji, ali kuno patchuthi. Ameneyu sukulu anaiphunzira mpaka inatha, koma iye sanaleke. Atalandira digiri yachitatu anamutenga kunja kukachita kafukufuku wa zaka ziwiri, amene eni ake amati positidoku. Amafufuza za mphamvu yokoka ya dziko, ija imagwetsa mango pansi. Gulu lake limakonza tizipangizo toika m'masetilaiti. Akuti setilaiti ikamadutsa pamwamba pa dera limene pansi pake pali madzi ambiri, imakokedwa pang'ono kuposa pamene pali pouma, ndipo kachipangizoko kamamva. Ine ndinaphunzitsa pulayimale mpaka kupuma, ndipo mutu wanga umathera pomwepa.

Abale atangomva mawu oti madzi, anaomba m'manja. Zaka zonsezi takhala tikusowa choyankha anthu akatifunsa kuti mwanayu amagwira ntchito yanji kwenikweni. Tsopano ntchito tinamupezera.

"Tika, tionetse poboola," anatero mayi ake, kutatsala sabata kuti makina abwere.

"Mami, siningakwanitse," iye anayankha. "Masetilaiti yathu yaona dera likulu maningi. Puloti yanu siyaiona. Pamene pali manzi apa siniziba. Itanani bantu bopima nthaka na makina, olo mugwirizane na maneba mukumbe umodzi."

Madigiri atatu, ndege zonse zija, n'kudzatiuza kuti sakudziwa?

Mawa lake mlamu wina anabweretsa munthu wodziwa. Onse amamutcha Ba Mawaya, chifukwa zida zake ndi mawaya awiri opindika, oti mukawayang'anitsitsa mukumbukira chokolekera malaya. Anavula nsapato, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku atatsinzina, mpaka mawayawo anapingasana pafupi ndi mtengo wa mapeyala.

"Apa pansi pali mtsinje, ba mayo," anatero. "Mamita fote chabe. Muzachita kuthawa manzi."

Sanati mwina. Sanati tiyese. Sanakande n'komwe m'mutu. Ameneyo ndiye katswiri amene timamufuna ife.

Musamuseke Estere, inu owerenga, chifukwa nonse ndikukudziwani. Dokotala akati tiyeze kaye magazi, mumati ndi wophunzira kumene, n'kuthamangira kwa bambo wa mabotolo pa siteshoni ya minibasi, amene botolo lake limodzi limachiza shuga, msana ndi banja logwedezeka. Makaniko akati atsegule kaye injini aone, mumakankhira galimoto kwa mnzake amene walidziwa vutolo pafoni. Nanga pa chisankho mumavotera uti, wonena kuti msewu utenga zaka, kapena wolonjeza phula mvula isanagwe?

Timagulitsa chimanga kutumiza ana kusukulu kuti akaphunzire kunena zokhazo zimene ayeza. Akabwera nazo, timakwiya. Tika anandiuzapo kuti kuntchito kwawo nambala iliyonse amailemba pamodzi ndi kukula kwa chikayiko chake, ndipo wobisa chikayikocho amamubweza kuti akayambirenso. Kuno kwathu timabweza wokayikayo.

Ndiye Lachiwiri lija makina anafika mamita makumi anayi, fumbi. Anapitirira, fumbi. Atafika makumi asanu ndi atatu, woboola anazimitsa injini n'kuyamba kuzula mapaipi ake. Estere anakhala pa mulu wa njerwa, chitenje chili kukamwa.

Mukuganiza kuti Ba Mawaya anachita manyazi? Anamwazamwaza maso mpaka anagwera pa Tika, amene anaima chapatali.

"Manzi yanalipo," anatero. "Koma manzi siyafuna muntu wokayika. Yamvela, yathawa. Tikaboola kuja kumpanda, uyu asapezekepo."

Ndipo anthu anavomera! Akuluakulu a ndevu zawo, ena oti m'mawa uliwonse amapita ku maofesi ku Lusaka atamanga tayi. Tangoganizani, mtsikana amene walephera kutilozera pamene pali madzi, mwadzidzidzi ali ndi mphamvu yosamutsa mtsinje wathunthu ndi maganizo okha. Mabwana ake akunjawo akanadziwa, bwenzi atasiya kuvutika ndi masetilaiti n'kumangomutuma iyeyo.

Ine ndinali pomwepo, ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndinaopa kuoneka ngati ndikunyoza mlongo wanga pa tsiku la tsoka lake. Ndikuchita manyazi polemba zimenezi, koma ndi mmene zinalili.

Madzulo asanafike banja linali litagwirizana kale. Ng'ombe ziwiri zotsalazo zigulitsidwe, aboolenso Loweruka likubwerali, pamalo atsopano amene Ba Mawaya asankha. Za anthu opima nthaka palibe anazitchula. Ndipo poti ndine malume, ntchito yokauza Tika kuti tsikulo akachezeko kwa azakhali ake ku Chalimbana inagwera ine.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akutsuka mbale ndi madzi a m'diramu, akuthira pang'onopang'ono kuti asathe. Ndinayamba ndi za kutentha, kenako za kukwera kwa mtengo wa minibasi, mpaka anandidula.

"Amalume, namvela kale. Nizayenda, musavutike." Anapukuta manja pa chitenje. "Koma nifunseko. Pa Loweruka ine kulibe. Fumbi ikatulukanso, muzakamba kuti ni ndani?"

Ndakhala ndikuganizira mmodzimmodzi amene tidzaime pa mpanda uja Loweruka, ndipo wokayika amene watsala ndine ndekha. Lole yotenga ng'ombe ibwera Lachisanu. Kodi ndilankhule isananyamuke, kapena ndingopita ndekha ku Chalimbana asanandithamangitse?