Nsomba Zachikasu pa Maliro a Amuna Anga

Amuna anga ankaweta nsomba zosadyedwa, ndipo ndinawanyoza nazo zaka zisanu ndi chimodzi. Anzathu ku Chipata kuno amaweta nkhuku kapena nkhumba, zinthu zoti tsiku la mavuto ungagwire n'kupha. Ife tinali ndi thanki yagalasi pakona ya chipinda chochezera, ndipo m'katimo munkayenda tinsomba toti ngakhale mphaka sangakhute nato.

Nthenda imeneyi anaitenga kwa abwana awo. Ankayendetsa lole ya bambo wina wachisilamu wa sitolo m'tauni, amene makolo ake anachokera ku Malawi, ndipo bamboyo ndi amene anawagawira nsomba zoyamba. Munali tinsomba tasiliva toyenda pagulu, timilamba tiwiri tokonda pansi, ndi ziwiri zachikasu, yaimuna ndi yaikazi, zimene ankazitcha mbuna. Chikasu chake chinali cha mango akupsa, ndi mzere wakuda kumsana. Amuna anga ankati mbuna zambiri n'zandewu, koma mtundu uwu ndi wofatsa, umakhala bwino ndi zinzake bola ukhale ndi miyala yobisalamo. Miyalayo anakatola okha kuphiri n'kuiwiritsa mumphika wanga wa nyemba.

Thankiyo ndinkaitcha mkazi mnzanga. Inali ndi malamulo kuposa apongozi. Madzi a pampopi sankalowamo asanagone masiku awiri m'ndowa yakeyake, kuti mankhwala amene amathiramo atuluke. Ndowa imeneyo sopo sankaiyandikira. Posintha madzi ankachotsa ochepa, osati onse. Magetsi akathima, ndipo zaka zimenezo ankathima tsiku lonse, kapampu kopereka mpweya kankaima, ndiye bambo wamkulu wandevu ankakhala pampando ndi kapu, kutunga madzi m'thanki n'kuwatsanuliramonso kuchokera m'mwamba.

"Ine mutu ukandiwawa munayamba mwanditungirapo madzi?" ndinkawafunsa.

"Inu muli ndi pakamwa, amake mwana," ankayankha akuseka. "Izi zikavutika sizikamba."

Anadwala mwezi umodzi. Anagwa akutsika m'lole, mbali imodzi ya thupi n'kuuma. Ali m'chipatala, ntchito ya kapu ija inagwera ine, ndipo ndinkaigwira ndikung'ung'udza. Tsiku lina ndinawauza kuti yachikasu yaikazi yasiya kudya, yatupa kukhosi, yangobisala kumiyala. Ndinkaganiza kuti adandaula, koma nkhope yawo, mbali imene inkagwirabe ntchito, inawala. Anandifotokozera movutikira kuti sikudwala. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa, pafupifupi masabata atatu osadya, mpaka ana ataswa n'kulimba. Zaka zonsezo ankadikira zimenezi ndipo zinali zisanachitikepo.

"Musaigwire," anatero. "Madzi musachotse onse. Munthu asakhudze. Mwamva?"

"Ndamva."

"Lonjezani."

Ndinaseka, koma ndinalonjeza. Patapita masiku asanu ndi anayi anamwalira, m'mawa, ndikuwapukuta kumaso.

Pofika masana anthu anali atadzaza pakhomo. Aliyense amadziwa zimene zimachitika panyumba ya maliro. Mipando, tebulo, kabati, chilichonse chimatuluka, kuti azimayi ayale mphasa n'kukhala m'nyumba, azibambo panja. Namfedwa amakhazikidwa pansi, chitenje kumutu, ndipo sadzuka kukayendetsa zinthu. Nyumba siikhalanso yake masiku amenewo. Anandikhazika pafupi ndi khomo la kuchipinda, apongozi anga aakazi kumanja, mkulu wanga kumanzere.

Wotsogolera ntchito yotulutsa katundu anali mlamu wanga, mkulu wawo wa amuna anga, mlimi wa mtedza wa ku Kasenengwa, munthu wa tchalitchi, wopanda mtima woipa ngakhale pang'ono. Mipando itatha anaima patsogolo pa thanki, manja m'chiuno. Amayi a kwaya anali pakhomo kudikira malo. Amuna anayi anayesa kuinyamula, inakana. Ndinamva wina akuti, "Tichotse madzi poyamba." Wina anazula waya wa pampu pakhoma, ndipo kaphokoso kamene ndinakhala ndikukadandaula zaka zonse kanaleka.

Apa ndi pamene ndinayenera kulankhula. Mawu ake anali ochepa: isiyeni pomwepo, ikani nsalu pamwamba, azimayi akhale mozungulira. Ndinali nawo pakamwa. Koma chimwalirire amuna anga m'mawa uja, msozi ngakhale umodzi unali usanatuluke m'maso mwanga. Sindikudziwa chifukwa chake. M'chifuwa munali mouma gwa. Apongozi ankalira n'kumandiyang'ana m'mbali, ndipo sanandikondepo chiyambire. Ankati ndine mkazi wa m'tauni, wakamwa, wolamulira mwana wawo. Ndinkadziwa kuti zimene achibale aona pa namfedwa masiku amenewo ndi zimene amakambirana akaika maliro, pokamba za nyumba ndi ana. Mkazi wouma m'maso, mwamuna ali kumochale, n'kuvula chitenje kumutu kuti akalipire alamu ake chifukwa cha nsomba! Nkhani imeneyo ikanafika ku Kasenengwa ine ndisanatseke pakamwa.

Ndinanong'oneza mkulu wanga kuti akawaletse. Ananditsina pantchafu.

"Khala chete iwe. Ufuna anthu akambe chani?"

Ndinamumvera. Ndinaonera pansi pa chitenje akutunga madzi ndi mapoto n'kumakataya pabwalo. Nsomba anazithamangitsa ndi sefa ya tiyi, miyala ikugwa, madzi atasanduka matope. Yaikazi ija inawavuta kwambiri. Ataigwira anaiponya pamodzi ndi zinzake m'ndowa yobiriwira, imene ndinkanyikamo zovala ndi sopo waufa, n'kupita nayo kumpopi.

Patapita kanthawi mlamu wanga anabwera, nagwada patsogolo panga mwaulemu wonse.

"Mulamu, musade nkhawa na tunsomba twa mng'ono wanga," anatero motsitsa mawu. "Tatuika mu madzi yatsopano, yoyera bwino, ya pampopi. Yaja yenze yakuda maningi. Tavinikira na thabwa kuseli kwa bafa kuti mphaka asafikeko."

Munthuyo anali atachita zimene ankaona kuti n'zabwino. Kwawo madzi a pampopi ndi madzi apamwamba, opatsa mlendo. Ndinkadziwa kuti akanati amve mawu amodzi okha kwa ine, akanathamanga kukakonza. M'khitchini munali ndowa ya amuna anga, yodzaza madzi ogona, amene ndinatunga ndekha. Apongozi anali atasiya kulira, akumvetsera.

"Zikomo, alamu," ndinatero. "Mwachita bwino."

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo ndimachita nawo manyazi kuposa tchimo lililonse limene ndinakaululapo kwa ansembe.

M'mawa mwake mkulu wanga anandiperekeza kukasamba. Atandisiya pakhomo la bafa ndinazungulira kuseri n'kuchotsa thabwa lija. Tasiliva tonse tinali titayandama, mimba m'mwamba. Timilamba tinali titauma ngati timitengo. Yachikasu yaimuna inali itatuwa. Yaikazi inagona chammbali pansi pa ndowa, kukamwa kuli yasa, ndipo mozungulira mutu wake munali ana. Anali ataswa kale. Tinthu tating'ono ngati mpunga wosweka, koma kalikonse ndi maso ake awiri akuda. Inawasunga masiku onse aja osadya, ndipo inawalavula pomwe inkafa. Pamwamba pa madzi panali kathovu ka sopo wanga.

Sindikumbukira kuti ndinagwa bwanji. Ndimangokumbukira mawu akutuluka m'mimba mwanga, mawu oti sindinawamvepo, ndi dothi lonyowa la kuseri kwa bafa kumaso kwanga. Ndinalira mpaka kusanza. Ndinkaitana amuna anga, ndinkapepesa, ndinkati ndinamva, ndinamva, ndinalonjeza. Azimayi anathamanga kuchokera kumoto ndi m'nyumba. Palibe anayang'ana m'ndowa kawiri.

Amene anandidzutsa anali apongozi. Anakhala pansi m'matope momwemo, nagoneka mutu wanga pamiyendo pawo, n'kumandisisita kumsana ngati khanda.

"Lirani, mwana wanga, lirani," ankatero. "Tenze kudabwa. Kansi munasunga mumtima."

Ndili pamiyendo pawopo ndinaona mayi wina wa kumpingo akunyamula ndowa ija, n'kukhuthulira zonse patsinde pa nthochi. Anaitsukuluza kawiri n'kupita nayo kukatunga madzi otsukira mbale. Nkhuku za aneba zinafika pa nthochipo iye asanakhote pakona.

Titaika maliro, achibale anakhala pansi kukamba za katundu. Panali ena amene ankafuna nyumba igulitsidwe. Apongozi anaimirira, chinthu chimene sankachita pamaso pa amuna, n'kunena kuti aliyense wofuna kutulutsa mkazi uyu m'nyumba ayambe watulutsa iwo. Nkhani inathera pomwepo. Ana anga anakulira m'nyumba ya bambo awo, ndipo ndimo ndikukhala mpaka pano.

Apongozi anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Ankabwera ndi mtedza ndi maungu, ankagona pabedi langa, tinkaseka. Ndinawakonda, ndipo nthawi zambiri ndinkafuna kuwauza chimene ndinaona m'ndowa muja, koma sindinathe. Mpaka tsiku lawo lomaliza ankauza aliyense wa ku Kasenengwa kuti sanaonepo mkazi wolira mwamuna wake ngati mmene ndinalirira ine.