Mfuti Yokuliramo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene bambo anandigulira mfuti, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira phewa langa lakumanja limachita ngati likuphwanya.

Tinkakhala ku South Bend, ku America, kumene bambo ankaphunzira uku akugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mnzanga wa kusukulu anandikokera ku kalabu ya achinyamata yowombera timbale tadongo, kunja kwa tauni. Makina amaponya kambale m'mwamba, iwe n'kukatsata ndi mfuti, ndipo ukakalasa kamasweka n'kusiya kafumbi m'malere. Ndinali wamfupi ndi woonda. Pa mpira wawo wakunowu palibe ankandifuna, koma timbale ndinkatiswa.

Chaka choyamba ndinkabwereka mfuti yaifupi ya kalabu. Chaka chachiwiri mphunzitsi wathu, mzungu waimvi dzina lake Walt, anati mfuti imeneyo ipite kwa ongoyamba kumene, ndipo wofuna kulowa m'timu yokapikisana ku Indianapolis akhale ndi yakeyake. Anandilangiza kuti ndipeze ya mipope iwiri, wina pamwamba pa unzake, yakale ndithu kuti isadule.

Amayi anayamba akana, poti kwathu ku Ntcheu mfuti ankaidziwa ndi apolisi ndi akuba basi. Bambo anavomera atabwera kudzandionerera. Loweruka lina tinapita ku Indianapolis, tinagula ufa ndi nsomba zouma pa Lafayette Road, kenako tinalowa m'sitolo ina ya mfuti chakufupi ndi Beech Grove.

M'sitolomo munkanunkha mafuta ndi matabwa akale. Wogulitsa anatulutsa mfuti ziwiri za mtengo wofanana. Anakhazika thako la mfuti yoyamba popindikira mkono wanga, ndipo chala changa chinafika bwinobwino pa kachitsulo kowombera. Atayesa yachiwiri, chala chinkangokanda thabwa.

Bambo anaziyalika zonse ziwiri pa tebulo n'kuyamba kuziyeza ndi chikhatho. Nkhope yawo imeneyo ndinkaidziwa. Ndi nkhope yomwe ankagulira nsapato zanga zomwe ndinkatsendera nyuzipepala kutsogolo, ndi jekete yomwe manja ake ankameza zala zanga.

"Titenga yaitaliyi," anatero. "Udzakuliramo."

Wogulitsa anayesa kufotokoza kuti mfuti imayenera kukwana munthu lero lomwe. Inenso ndinachonderera m'Chingerezi, monga ndinkayankhira masiku amenewo, bambo n'kumandibweza m'Chichewa. Anati mnyamata amakula ngati chimanga cha pachulu, ndipo iwo sangagule mfuti kawiri ngati akukonzekera nkhondo.

"Mtengo ndi umodzi," anandiuza, "kwina akukupatsa thabwa lambiri, iwe ukulirira lochepa?"

Mfutiyo inali yokongola, sindikana. Koma kuti ndifikire kachitsulo kaja ndinkapendamira kumbuyo ngati munthu wonyamula thumba la simenti pamimba. Thako lake silinkakhala m'phewa, linkatsetserekera pamkono. Ndikawomba inkandibanda, tsaya n'kutupa, kambale n'kumapita kosakhudzidwa mpaka kukatera mu udzu. Pasanapite nthawi ndinayamba kutsinzina ndisanawombe.

Walt anauza bambo kuti vutolo linali laling'ono. Mmisiri akhoza kucheka thabwa pang'ono, chidutswacho n'kusungidwa kuti adzachibwezere ndikakula. Bambo anamvetsera mwaulemu, anathokoza, anagwirana naye chanza. Tili m'galimoto anati chinthu chabwinobwino sachilowetsa sowo, ndipo azungu amawononga katundu chifukwa sanavutikepo.

Amayi anayesa kundithandiza. "Bambo a Mphatso," anatero, "thalauza la mwanayu ndimalipinda m'munsi. Nanga mfutiyi ndiipinde pati?"

Bambo anaganiza nkhaniyo mofatsa, n'kupeza njira yawo. Ngati mfuti siingafupike, mwana atalike. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkapatsidwa mazira owiritsa ndi kapu yaikulu ya mkaka, iwo ataima pambali kuonetsetsa kuti ndamaliza. Ankandiimikanso pachitseko kuona ngati zikuyenda. Ndinanenepa masaya okha. Mikono inakhala momwemo.

Tsiku losankha timu ndinavala majuzi awiri kuti phewa lisamve kuwawa, osadziwa kuti ndikuitalikitsanso mfutiyo. Timbale tambiri tinauluka mwamtendere. Walt atatchula mayina, langa panalibe. Anyamata omwe ndinkawaposa chaka chapitacho ndiwo anakwera galimoto ya ku Indianapolis. Titafika pakhomo bambo anati chaka chamawa mikono ikhala itafika. Sinafike, ndipo ine ndinasiya kupita ku kalabu.

Mfutiyo inadzandikwana nditamaliza sekondale, msinkhu wa timu ya achinyamata utandipitirira. Ndili nayobe, ndipo ndimawombera nayo Loweruka lina ndi lina. Imakhala m'phewa ngati anaisemera ine. Bambo anabwerera ku Ntcheu, ndipo tikamayankhulana pafoni salephera kufunsa.

"Ija ikukukwana?"

"Ikundikwana, bambo."

"Sindinanene?"

Tsopano ndikumvetsa kuti munthu amene anakula akudikira zaka kuti agulidwe nsapato sagulira mwana amene ali patsogolo pake, amagulira mwamuna amene akubwera. Chinali chikondi, sindikayika. Koma mwamunayo analandira mfuti yabwino, pamene mnyamata amene ankaifuna chaka chimene chija sanalandire kanthu.

Mwezi watha ndinapita ndi mwana wanga wamkazi kukamugulira nsapato zothamangira. Ndinadzipeza ndagwada, chala chikutobwanya kutsogolo kwa nsapato kufuna malo okuliramo, mawu aja ali kale pakamwa. Ndinawameza. Tinagula zomukwana lero, ndipo ndinatuluka m'sitolomo mtima ukundiwawa ngati andibera.