Injini ya Che Mathiyasi inalirira pamtunda

Lamulungu lapitali, titangotuluka m'tchalitchi kuno ku Malindi, ndinaitanidwa kukamva kulira kwa injini. Musaseke, awerengi. Kwathu kuno munthu akagula injini ya boti sayamba waitengera kunyanja. Imayamba yalira pakhomo, abale ndi anansi atazungulira, kuti aliyense adziwe kuti pabanja pano zinthu zayenda.

Mwini wake ndi Che Mathiyasi, amene anaigula ndi thukuta la m'migodi ya ku Joni. Iwowa ndi malume a Esnati, mkazi wa mng'ono wanga Bonifasi. Bonifasiyo ndi mkamwini pamudzipo. Munda womwe amalima ndi wa kuchikazi, nyumba anamanga pomwe Che Mathiyasi anamulozera, ndipo boti likalowa m'madzi iyeyo ndiye amaliyendetsa.

Tinapeza injini ataimangirira pa thabwa lokhomedwa pakati pa mitengo iwiri ya mango. Mwendo wake unali lende m'malere, pansi pake fumbi lokhalokha. Ana anali atanyonyomala pafupi penipeni ndi pulopela, chitsulo chozungulira chija chokankha boti m'madzi, ena akuigwiragwira.

Ine nditaona zimenezo ndinadziwa kuti pali vuto. Si ine makaniko, ndine mphunzitsi chabe, koma ndinakulira pagombe ngati ambiri a inu. Injini ya boti imamwa madzi a m'nyanja kuti isatenthe. Kumwendo kwake kuli timabowo, mkati muli kagudumu ka labala kamene kamakankhira madzi m'mwamba, ndipo madziwo akazungulira amatulukira kumbuyo ali kamzere kowonda. Asodzi amati injini ikukodza. Kagudumu kaja kakazungulira pouma kamapsa msanga, munthu asanamalize n'komwe kupereka moni. Choopsa n'chakuti kupsako sikuoneka, kunja injini imangonyezimirabe.

Ndinasendera pafupi, ndinawerama, n'kulankhula motsitsa mawu kuti alendo asamve.

"Che Mathiyasi, bwanji titenge mgolo uli kuseriwu, tithiremo madzi, mwendo wa injini ulowemo? Anawanso asunthe kaye."

Iwo anayankha mokweza kuti onse amve.

"Aphunzitsi, m'mgolo mawu ake amamira. Anthuwa abwera kudzamva injini, osati kudzaona thovu. Ya ku Joni iyi, si zoseweretsa zanu za kusukulu."

Anthu anaseka, nanenso ndinabwerera pampando wanga. Che Mathiyasi anakoka chingwe, injini n'kulira. Mbuzi zinathawira kuseri, amayi anaimba nthungululu. Che Mathiyasi anawonjezera moto, kenako analowetsa giya kuti tione mmene pulopela imazungulirira. Mayi wina anakoka mwana wake ndi malaya, fumbi lili koboo. Posapita nthawi kunabwera kafungo ngati ka patapata amene wagwera pamoto.

Pamenepo panali asodzi a imvi, anthu oti injini amazidziwa kuposa ine. Ndinawaona akuyang'anana. Wina anatsokomola, wina anayamba kukanda chala chakuphazi. Injini itazima, onsewo anaomba m'manja.

N'chifukwa chiyani palibe anatsegula pakamwa? Che Mathiyasi, kuphatikiza pa umalume, ndi atcheyamani a nthambi ya chipani m'dera lathu. Mundimvetse bwino, sindikunyoza udindo, khadi langa la chipani lili m'thumba momwe muno. Ndikungonena kuti tazolowera kuyankha ndi m'manja munthu wamkulu akalankhula, ngakhale pa nkhani ya labala ndi madzi imene ilibe ndale ngakhale pang'ono. Kodi kuuza mkulu kuti injini ipsa ndi mwano? Nanga kumusiya kuti akweze ana a anthu m'boti loti lifera pakati pa nyanja, ndiwo ulemu?

Mwambo womvetsa anansi injini sindikuukana. Amene wavutika pansi pa nthaka kwa zaka ali ndi ufulu wosangalala. Koma mgolo ndi wosasowa, ndipo nyanja ili pakhomo. Dzazani madzi mpaka timabowo tija timire ndithu. Pulopela muichotse, kapena giya musaikhudze n'komwe. Ana akhale kutali, ndipo zichitikire pabwalo, chifukwa utsi wake m'nyumba umakomola. Ikalira, maso akhale kumbuyo kwake. Ikapanda kukodza, zimitsani nthawi yomweyo, ngakhale alendo adandaule kuti sanamve bwino.

Lolemba madzulo ndinamupeza Bonifasi akusoka ukonde. Ndinamuuza kuti asalole kupita kunyanja injiniyo isanatsegulidwe kuti aone kagudumu.

"Achimwene, fungo lija nanenso ndinalimva," anatero osadzutsa mutu. "Ndinawauza amalume m'mawa. Akuti injini yatsopano satsegula, ndipo ngati ndili ndi mantha ndinene, apeze mwamuna wina."

"Ndiye nena kuti uli ndi mantha."

"Ndikanena, ndikagona kuti? Pano ndi pamudzi pa eni. Esnati ndi woyembekezera, mukudziwa."

Ndinamusiya akusoka ukonde wake. Mkamwini akhoza kukana mowa, akhoza kukana nyama, koma kukana malume a mkazi wake anthu akumva ndiye kuti wamanga kale katundu. Ife abale ake timakhala ndi mawu kumudzi kwathu kokha, kumudzi kwa eni timangokhala alendo.

Lero m'mawa Bonifasi ndi anzake ananyamuka kukakoka utaka kutali kuja kumene munthu ukaima pagombe boti limaoneka ngati kachitsotso. Ndinapita kukawaona ndisanalowe m'kalasi. Injini inalira bwinobwino itangokokedwa kamodzi, ndipo Che Mathiyasi ananditembenukira akumwetulira. Ine maso anali kumbuyo kwa injini. M'malo mwa kamzere kaja, madzi ankangodontha, kuleka, kudonthanso, ndi kanthunzi pang'ono.

"Sikukodza bwino," ndinatero.

"Ikuzolowera nyanja," anayankha Che Mathiyasi, ali pamtunda. Iwo sanakwere nawo.

Apa ndi pomwe ndinaona chinthu china chimene chandiopsa kuposa zonse. M'botimo munalibe nkhafi ngakhale imodzi. Ndinafunsa, mnyamata wina wa m'botimo n'kundiuza kuti boti la injini likanyamula nkhafi anthu amaseka, amati mwini wake sakuikhulupirira injini yake. Taganizani, awerengi. Amuna akuluakulu akupita pakati pa nyanja m'nyengo ya mwera, chimanjamanja, poopa kusekedwa.

Ndinathamangira pa bwato la mnansi wanga, ndinatenga nkhafi imodzi n'kumupatsa Bonifasi ngati ndikumupatsira kamba wa paulendo. Anailandira osandiyang'ana, anaibisa pansi pa ukonde. Nkhafi imodzi pa boti la matabwa lodzaza amuna ndi ukonde wonyowa ndi yongodzitonthozera, ndikudziwa.

Pamene ndikulemba zino ana aweruka kale. Mwera wayamba chakumasana, ndipo malata a pasukulu pano akulira. Amabwato onse abwerera, ena osaponya n'komwe ukonde. Ndapita kugombe kangapo kukatchera khutu, koma kukumveka mafunde okha. Ndili ndi mantha, sindibisa. Mwina atsamira kugombe lina, mwina ndimva injini ija ndisanatseke kalatayi kuti ikwere basi ya mawa, ndipo mudzandiseka kuti mphunzitsi ndi wamantha. Ndikhoza kukondwa kwambiri kusekedwa chotero.

Esnati wafika posachedwapa. Wakana mpando, waima pakhomo dzanja lili m'chiuno, akuyang'ana mitengo mmene ikupendamira.

"Alamu," wandifunsa, "injini ija si yatsopano kodi? Yatsopano siingafe panjira, eti?"

Ndiuzeni, awerengi, ndimuyankhe kuti chiyani?