A Sikelo ndi Ndime ya Mchere

Atapuma pantchito yoyendetsa basi, bambo ena analibenso chochita koma kukhala pakhonde, magalasi ali pamphuno, n'kumatsutsana ndi wailesi. Ntchito ina inawapeza pomwepo.

Mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo woyamba, ankalemba timapepala ta zaumoyo togawa m'zipatala. Kuofesi kwake kunali pulogalamu ya pakompyuta yoyeza ngati nkhani ndi yosavuta kuwerenga. Inkayang'ana kutalika kwa mawu ndi ziganizo, ndiye poti mawu athu amabwera ataberekana, chilichonse inkangoti n'chovuta. Mayiyo inamutopetsa. Tsiku lina anapatsa apongozi akewo pepala kuti aonepo, ndipo bambowo atafika pachiganizo chachitali, mutu unayamba kugwa ndi tulo. Atachidula pawiri n'kuwapatsanso, anawerenga mpaka kumapeto maso ali gwa.

Kuyambira pamenepo pepala lililonse linkayamba ladzera pakhonde. Pomwe asinza, mpongozi ankachonga ndi pensulo n'kukakonza. Pakhomo anayamba kuwatchula kuti a Sikelo, ndipo dzinalo ankalinyadira. "Maso angawa salandira ziphuphu," ankatero kwa anzawo.

Kenako kunabwera pepala la kuthamanga kwa magazi. A Sikelo, munthu wothira mchere asanalawe n'komwe, anawerenga bwinobwino mpaka ndime yonena za mchere. Apo mkonono unayamba.

Mpongozi anachotsa mawu achipatala. Mawa lake, mkonono pomwepo. Anadula ziganizo, anakulitsa zilembo, anaikapo chithunzi cha supuni. Mkonono unangokulirakulira. Pomaliza ndime yonse inatsala mawu awiri: "Chepetsani mchere."

Anagwada n'kupereka pepalalo ndi manja awiri. "Bambo, taonaninso apa."

A Sikelo anasuzumira, mutu khoba, pakamwa yasa.

Mayiyo anayamba kukayika, koma apongozi ungawanene kuti akunama? Anakadandaula kwa apongozi aakazi, omwe ankasita kuchipinda. Iwo anaika simbi pansi, anatuluka, n'kuima pambali pa mpando wa amuna awo.

"Alekeni agone, atopa," anatero monong'ona. "Inu pitani mukachotse kabotolo ka mchere patebulo, mukabise kosaoneka. Kuyambira lero ndiwo tizidya zosathira."

"Musayerekeze," anatero a Sikelo, maso ali chitsinzire.

Mpongozi anathawira kukhitchini, chitenje chili pakamwa. Madzulo ake a Sikelo anafotokozera mwana wawo kuti munthu amayankhula kutulo, makamaka akamalota zoopsa.

Pepalalo linasindikizidwa ndi mawu awiri aja, ndipo anamwino ankati n'loyamba limene odwala amalimaliza ali pamzere. A Sikelo atamva, anati imeneyo ndi ntchito yawo, ndipo anaitanitsa mapepala angapo oti asunge. Patapita masiku, akazi awo akukhuthula matumba a jekete kuti achape, anapeza limodzi litapindidwa bwinobwino, mkati muli mchere.