Bedi Limene Amayi Anagwadira

Kwathu kuno kufupi ndi Chongoni galu salowa m'nyumba. Amagona paphulusa kuseri kwa khitchini, ndipo akafuna ulemu woposa pamenepo amadzikumbira yekha kadzenje pansi pa nkhokwe. Wathu wakhala akugona choncho chibadwire ndipo sanadandaulepo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti amayi anga sanali opusa. Munthu amene wakalamba akuona agalu paphulusa sangaganize kuti kwinakwake kuli sitolo yogulitsa mabedi a agalu.

Ine ndine mwana wotsiriza, ndipo ndine ndimakhala ndi amayi pamudzi. Achimwene, oyamba kubadwa komanso eni mbumba athu, amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo kuno amabwera kukagwa maliro kapena akatikumbukira. Chaka chimenecho anatikumbukira mu Juni, nthawi imene chifunga chimatsika m'phiri n'kukhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera. Amayi chiuno chinali chitayamba kale kuwavuta. Ankagona pamphasa atayalapo bulangete lakale, ndipo podzuka m'mawa ankayamba agwada, n'kugwira khoma, kenako n'kumadzuka pang'onopang'ono akukukuta mano. Achimwene zimenezi ankazidziwa bwino, chifukwa ndinkawauza pafoni mpaka kutopa. Yankho lawo linali limodzi: "Tiona, chemwali, tiona."

Tsiku limene anafika ine ndinali kudimba, ndikukumba mbatata ya kachewere. Ndinamva nthungululu kumtunda, ndipo ndinakwera ndi matope omwe kumiyendo. Ndinapeza galimoto ili pansi pa mtengo wa pichesi, azimayi oyandikana nafe ataunjikana, ndipo amayi atagwada pamaso pa achimwene akuwomba m'manja. Amayi amene kugwada kutchalitchi anali atasiya chifukwa cha ululu, tsiku limenelo anagwada padothi lozizira.

Pakhonde panali shuga, sopo, mafuta ophikira ndi buledi. Pambali pa zimenezo panali chinthu chachikulu chotuwa, chozungulira ngati lichero koma chokwana munthu, chokhuthala, ndipo m'mbali mwake munali motukuka. Achimwene potsitsa katundu anachiika pakhonde pamodzi ndi zinazo, ndipo kwathu kuno chimene mlendo waika pakhonde ndi cha eni nyumba. Sufunsa kuti ichi n'chandani, umalandira n'kuthokoza. Amayi anali atachisindikiza ndi chikhatho, chinalowa, atachotsa dzanja chinabwerera m'malo mwake.

"Mwana wanga wakumbukira chiuno changa," anatero amayi, misozi ili m'maso. "Taonani, amayi inu, mwana wanga wakumbukira."

Achimwene anayang'ana kumbali. Alamu, akazi awo, anaweramira pafoni ngati mwalowa uthenga wamaliro. Apo n'kuti galu ali m'galimoto, mphuno ili pagalasi, chigalu chachikulu ngati thole la ng'ombe, chikuyang'ana chinthu chija n'kumalira chapansipansi. Dzina anali nalo, lachizungu, koma pakamwa panga silinadutsepo.

Amayi anandituma kuti ndikachiike kuchipinda kwawo. Nditachinyamula n'kuchikumbatira pachifuwa, fungo linandimenya m'mphuno. Anali atachiwaza mafuta onunkhira, koma pansi pa mafutawo panali galu, galu weniweni, fungo lija la ubweya wonyowa ndi malovu ouma. M'misoko munali ubweya wofiirira, ndipo mbali imodzi panali podetsedwa ndi posalala pamene chibwano chimatsamira. Ndinachiponya pansi, ndinatuluka n'kukalavula kuseri, ndipo ndinasamba m'manja ndi sopo yemwe anabweretsa uja.

Achimwene ndinawakokera kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, chija n'chandani?"

"Chepetsa mawu, iwe."

"Ndafunsa kuti n'chandani."

"Ndi pogona pa galuyu. Ndimati ndinene, koma amayi anali atagwada kale, anthu atadzaza. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ndikanawadzutsa."

"Tikupita Lamulungu. Tidzachitenga mwakachetechete, ndiye ndidzawatumizira matiresi enieni. Usawononge zinthu, chemwali."

Alamu anatipeza pomwepo, nkhope ili yodandauladi. Ndinaganiza kuti akumvera chisoni apongozi awo, koma ayi ndithu. "Alamu, vuto ndi loti galuyu sagona pena paliponse," anatero. "Ali ndi vuto la chiuno. Adokotala a ziweto anati asamagone polimba, ndiye tinayendayenda m'masitolo kufuna bedi loyenera. Lina linali lofewa kwambiri, lina lalifupi, ili ndiye linamukwana."

Ndinawayang'ana achimwene, iwo n'kumayang'ana nkhokwe ngati akuwerenga nsungwi zake. Anthu awiri ophunzira anayenda m'masitolo a Lilongwe, akusindikiza mabedi ndi manja, akukambirana za chiuno cha galu. Chiuno chimene chinawabereka achimwenewo kumsana chinali kudikira "tiona". Zinandinyansa kuposa fungo lija, ndipo mpaka lero ndikakumbukira malovu amadzaza m'kamwa.

Madzulo onse a tsikulo anathera pa kufunafuna pogona pa galu. Ndinapereka chiguduli, alamu anachigwira ndi zala ziwiri n'kunena kuti chili ndi utitiri. Ndinaloza kukhitchini, anati utsi umutsokomoletsa. Pakhonde anati pakuzizira, m'galimoto anati mulibe mpweya, paphulusa pamene wathu amagona anangoseka poganiza kuti ndikucheza. Galu wathu anali chapatali akudzikanda, akuonerera msonkhano wonsewo. Pomaliza anayala jekete la achimwene ndi thaulo m'chipinda cha alendo, n'kumulowetsa galuyo pakhomo la kuseri amayi ali kukhitchini. M'nyumba imene bambo anga malemu anamanga, galu anagona pajekete.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi phokoso la tsache. Amayi anali akusesa pabwalo dzuwa lisanaboole chifunga, akuimba nyimbo ya kwa Maria chapansipansi.

"Ndagona ngati khanda," anandiuza. "N'lalifupi pang'ono, koma ine ndimagona chopinda miyendo kale. Ndiye m'mbalimu anaikamo mtsamiro wake, anthu a kutauni nzeru. Chiuno lero chili zii."

Pampango wawo panali ubweya wofiirira. Ndinawuchotsa ndi zala ngati ndikuwakonza mpangowo.

"Amayi, bedi limene lija silabwino," ndinatero. "Lili ndi fungo. Bwanji ndilichape, liyambe lauma masiku angapo?"

"Fungo la kusitolo limenelo, sunagulepo chatsopano iwe? Nsanje basi. Ukakwatiwanso akakugulire lako."

Anaseka, ndipo ndinali ndisanawamve akuseka choncho chimwalirireni bambo. Ndinapita kwa achimwene kachiwiri n'kuwauza kuti mlandu ndi wawo, akanene okha lero lomwe, amayi ali okha kuchipinda. Anavomera ndi mutu, kenako anatenga galu wawo pachingwe n'kupita kukamuyendetsa m'njira ya kunkhalango. Anthu opita kunkhuni ankapatuka n'kuima kuonerera bambo wamkulu akudikira galu kuti amalize kununkhiza chitsa.

Loweruka masana linali tsiku loti mphakati wathu upempherere panyumba pathu. Mphakati ndi mabanja oyandikana a mpingo umodzi, ndipo timasinthana nyumba zopemphererako. Amayi anavala chitenje cha mpingo, n'kundiuza kuti nditulutse bedi lija pakhonde kuti anzawo alione. Ndinakana, ndinati msana ukundipweteka. Analikoka okha mpaka panja, n'kuyalapo nsalu yawo yoyera imene amasungira masiku aakulu.

Azimayi anabwera mmodzimmodzi kudzalisindikiza. Ena anakhalapo pang'ono n'kudzuka akuseka, akuti likumeza munthu. Amayi ena achikulire, anzawo a amayi kuyambira ku utsikana, amenenso mawondo anawatha, ndiwo anapatsidwa ulemu wokhalapo nthawi ya mapemphero. Anakhala mmenemo ndi kolona m'manja ngati mfumukazi. Pa mapemphero opempha, amayi anakweza mawu kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana amene saiwala kumene anachokera, ndipo onse anayankha pamodzi. Achimwene anali pampando kumbuyo, thukuta likutsika mu Juni.

Galuyo anali atamangidwa kumtengo wa pichesi, ndipo chitulutsireni bedilo anali akukoka chingwe. Tili pakati pa kolona, amayi achikulire aja anadzuka kuti akagwade pamphasa ndi anzawo. Sindikudziwa kuti chingwe chinamasuka bwanji. Ndinangoona chigalu chija chikudutsa pakati pa anthu ogwada, osathamanga, osauwa, ngati munthu wobwerera kwawo. Chinakwera pakhonde, chinakanda nsalu yoyera ija n'kuikankhira pambali, chinazungulira m'katimo, n'kudzigwetsa. Chibwano chinakagwera ndendende pamalo podetsedwa paja, ndipo chinapuma mpweya wautali wa chinthu chimene chavutika masiku.

Mapemphero anaduka. Bambo wina anatola chikuni, azimayi akukuwa kuti choka, amayi anga nawo anavula patapata n'kudzuka kuti akamenye. Pamenepo alamu anathamanga kuchokera m'nyumba manja ali m'mwamba.

"Musamumenye chonde, sakulakwa. Ndi bedi lake."

Ngakhale wa chikuni uja anatsitsa dzanja. Amayi achikulire amene anakhalapo aja anayamba kudzisasa kumbuyo pang'onopang'ono, kenako ananunkhiza chitenje chawo. Mayi wina kumbuyo anatseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka, ndipo sindimuimba mlandu.

Amayi anaima ndi patapata m'manja. Anayang'ana galu, anayang'ana mmene wakwaniramo kuyambira kumchira mpaka kumphuno, kenako anatembenukira kwa achimwene.

"Bambo, n'zoona?"

"Amayi, ndimati ndikuuzeni. Ndikugulirani matiresi enieni, aakulu, mawa lomwe."

"Ndafunsa ngati n'zoona."

"Eya, amayi."

Anavala patapata uja. Anatola nsalu yawo yoyera, anaipinda bwinobwino, n'kundipatsa osandiyang'ana. "Ndiye ndinagwadira za galu," anatero, mawu ali pansi. Kenako anabwerera pamphasa, anagwira phewa langa kuti agwade, n'kupitiriza kolona pamene tinalekezera. Anthu anayankha mawu ali ochepa, galu akuliza mkonono pakhonde.

Anthu atabalalika amayi anatenthetsa madzi n'kukasamba nthawi yaitali, ndipo ndinkamva mwala ukukhula mpaka ndinaopa kuti adzisupula khungu. Bulangete lawo, mpango ndi nsalu yoyera ija anaziviika m'beseni. Achimwene anapita m'mawa mwake Misa isanayambe. Amayi anawatsanzika mwaulemu wonse, anawapatsa thumba la kachewere ndi nyemba monga amachitira nthawi zonse, koma m'manja sanawombe. Bedi lija linakwezedwa kumpando wa kumbuyo, mwini wake n'kukhalapo.

Nkhani inayenda mudzi wonse mpaka ku Kasina. Kuchigayo ndikafika anthu ankasiya kulankhula, ndipo ana ankati akaona galu wathu paphulusa n'kumufunsa kuti bedi walisiya kuti. Amayi anasiya kupita kumphakati mpaka mvula itagwa, ndipo anzawo achikulire aja sanapondenso pakhomo pathu mpaka pamaliro a mlongo wa amayi, pamene awiriwo anakhala mphasa imodzi.

Matiresi anabweradi sabata yotsatira, atamangidwa panjinga yamoto kuchokera ku Boma, aakulu, okhuthala, ali m'pulasitiki. Ndinakondwa, chifukwa chiuno chinali chitabwerera mwakale ndipo m'mawa uliwonse ndinkamvanso dzanja lawo likukwawa pakhoma. Ndinawathandiza a njingayo kutsitsa, koma sitinaike pakhonde, amayi anati tiimike pabwalo. Anazungulira matiresiwo, anang'amba pulasitiki pakona, n'kuika mphuno. Ananunkhiza nthawi yaitali.

"Ndi atsopano, amayi," ndinatero. "Sanagonepo aliyense. Ndikuyalireni?"

"Kawaimike kuchipinda cha alendo."

Mpaka lero ali komweko, atatsamira khoma, pulasitiki yake yachita fumbi. Achimwene akaimba foni amafunsa ngati amayi akugona bwino tsopano, ndipo ine ndimapereka foniyo kwa eni ake kuti ayankhe okha. Amayankha kuti ali bwino, n'kufunsa za ntchito ndi za apongozi awo. Juni wapitayu chisanu chinalimba kwambiri, ndipo m'mawa wina ndinawapeza atagwada pamphasa, akulephera kudzuka ngakhale atagwira khoma. Ndinawanyamula m'khwapa ndikulira ndi ukali, ndikuwapempha kuti andilole ndiyale matiresi aja, chifukwa ululu ukuwapweteka iwo, osati achimwene.

Anapuma kaye, anakonza chitenje, n'kundiyang'ana.

"Uwafunse kaye achimwene ako," anatero, "ngati mwini wake wathana nawo."